Dzina Langa Silinali mu Fayilo ya Amuna Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landilani moni nonse amene mukuwelenga, a kuno ku Petauke, a ku Nyimba, ndi inu amene nchito inakutengelani kutali. Ine ndine Esnati Banda wa ku Nyampande, ambili mumandidziwa kuti amake Taonga. Ena mwa inu munabwela pa malilo a amuna anga aChileshe, aja anali kuphunzitsa pa sukulu ya pulaimale kwathu. Zimene zinachitika malilo atatha sindinazikambepo pagulu, chifukwa zinali ndi manyazi mkati mwake. Lelo ndafuna muzimve kwa mwini wake ine. Ndinakhala ndi mwamuna zaka khumi ndi zinayi, kenaka ndinauzidwa pa ofesi kuti m'mapepala a boma ine sindine mkazi wake. Mulungu anandiombola, ndipo anadzela mwa munthu amene ndinali kumuopa kuposa wina aliyense.

Makolo anga anachokela ku Katete ine ndili wamng'ono, kudzafuna malo olima kuno. Ndinakulila m'munda wa nshawa ndi thonje, sukulu ndinalekezela giledi seveni. AChileshe anali a ku Kasama, boma ndilo linawatumiza kwathu. Tinadziwana ku tchalitchi, iwo akuphunzitsa kwaya ndi Chinyanja chao chokhotakhota chimene atsikanafe tinali kuchiseka. Sanandibisile kanthu. Tsiku lomwe anandifunsila anandiuza kuti kwao anasiya mwana wamwamuna dzina lake Mwape, ndi kuti ukwati wao ndi amake a mwanayo unatha pamaso pa akuluakulu a mabanja onse awili. Maiyo anali kuwatchula mwa Chibemba kuti bana Mwape, ndiye kuti amake Mwape. Ine sindinawaonepo, ngakhale pa chithunzi.

Tinakwatilana mwa mwambo. Anapeleka chimalo kwa amalume anga, amenenso anali ankhoswe, abusa anabwela kudzatipemphelela pakhomo, anthu anadya n'kubalalika. Pepala panalibe, ndipo palibe amene analiganizila, chifukwa mudzi wonse unaona. Tinabeleka ana atatu, Taonga, Chisomo ndi Mutale. Kangapo ndinawafunsa aChileshe ngati anatilembetsa ku nchito kwao. Yankho linali limodzi, loti adzakonza masukulu akatseka. Masukulu anatseka kambili, iwo osapita. Sanali munthu woipa, anali chabe munthu wozengeleza pa zinthu za ku ofesi.

Zaka ziwili zomaliza anadwala shuga. Chilonda chinatuluka kuphazi n'kukana kupola, pambuyo pake madokotala anati impso nazo zatopa. Ndinali kuwakweza pa ngolo ya ng'ombe mpaka kumseu, n'kudikila motoka yopita ku chipatala ku Petauke. Miyezi yomaliza ndinali kuwasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa ngati mwana. Malipilo ao onse anali kuthela ku mankhwala ndi maulendo. Nthawi imeneyo Mwape anali ku koleji akuphunzila zokonza magetsi, ndipo atate ake anali kudandaula kuti mwanayo adzalekela panjila. Anandipempha kuti ndikagulitsa nshawa zanga ndizitumizako kangachepe. Ndinali kutumiza pafoni, koma ndisakunamizeni kuti ndinali kutelo mokondwa. Ndinali kuyenda kupita kokatumiza ndikung'ung'udza njila yonse, kuti ndikulimila mwana wa mkazi wina pamene anga akuyenda opanda nsapato.

AChileshe anamwalila chimanga chili pafupi kucha. Tinawaika ku Nyampande monga ananenela okha. Kuchokela ku Kasama kunabwela mng'ono wao mmodzi, analila nafe n'kubwelela. Bana Mwape sanabwele. Patapita masabata angapo ahedi a pasukulu, aDaka, anandiitana n'kundiuza mwaulemu kuti nyumba ya sukulu imene tinali kukhalamo idzafunika temu ikatha, chifukwa kukubwela mphunzitsi watsopano. Anandilembela kalata n'kundilangiza kuti ndiyambe msanga kulondola ndalama zimene boma limapeleka kwa mkazi ndi ana wanchito akamwalila. Mtima wanga unakhazikika pang'ono. Ndinaganiza kuti ndikapeleka mapepala ndidzadikila miyezi iwili kapena itatu, kenaka ndidzamangila ana anga kanyumba.

Lolemba lina ndinapita ku boma nditanyamula zonse m'pepala la pulasitiki: chikalata cha imfa, kalata ya aDaka, makadi a ku sikelo a ana, ndi chitupa changa cha boma chija timati reji. Amene anandilandila anali mai wa magalasi, aZulu. Anatulutsa fayilo ya amuna anga, anawelenga, anayang'ana reji yanga, n'kuwelenganso.

"Amai, inu ndinu ndani wao malemuwa?"

"Ndine mkazi wao."

Anatembenuza fayilo ija kuti ndione ndekha. Pa malo olemba mkazi panali dzina la bana Mwape. Pa malo a ana panali Mwape yekha. Zilembo zinali za amuna anga, ndinazizindikila. Analemba chaka chimene anayamba nchito ndipo sanasinthepo chilichonse.

AZulu sanandikalipile. Anandipatsa mpando n'kundifotokozela pang'onopang'ono kuti ukwati wa mwambo boma limauzindikila, koma iwo sangangolemba dzina langa chifukwa ndanena. Nkhaniyo iyenela kupita ku khoti laling'ono, mboni zanga zikayankhule, ndipo mai amene ali mu fayilo ayenela kuitanidwa. Akavomela kuti ukwati wao unatha, zinthu zidzayenda. Akakana, akanena kuti iwo ndiwo mkazi ndipo ine sakundidziwa, mlandu ungakwele ku makhoti akulu n'kutenga zaka, ndipo nthawi yonseyo fayilo idzaima, palibe amene adzalandile kanthu, ngakhale ana. Ndinatuluka m'menemo ndikuganiza za mboni zanga. Amalume anga aja anali atamwalila kale, abusa amene anatipemphelela naonso anali atatsogola. Ndinadzifunsa kuti ndi mkazi uti amene angakwele basi kuchoka ku Kasama kudzanena mau omuchotsa iye mwini pa ndalama.

Pano ndiyenela kuulula tchimo langa loyamba. Kunja kwa maofesi, pansi pa mtengo, panali bambo wina wa shati yosita bwino amene anaona ndikupukuta misozi. Anandiyandikila n'kunena kuti nkhani ngati yanga amaithetsa tsiku limodzi. Akhoza kundipezela chikalata cha ukwati cha chidindo, cholembedwa chaka chakale, ndipo palibe amene angadziwe. Ndinabwelela kunyumba mau ake ali m'mutu. Sabata yotsatila ndinagulitsa mbuzi ziwili n'kupita kukamufuna. Ndinakhala pansi pa mtengo uja kuyambila m'mawa mpaka maofesi atatseka, bamboyo osaoneka. Mailo lake ndinapitanso, sanabwele. Ndinakwiya kwambili, ndinati ngakhale njila yokhota yanditsekekela. Patapita nthawi ndinamva kwa aZulu, akuchenjeza mai wina, kuti mapepala otele amagwidwa, ndipo wogwidwa nao amataya zonse n'kuimbidwanso mlandu. Choncho sindinganene kuti ndinakana chinyengo chifukwa cha kulimba kwa chikhulupililo changa. Ndinapita ndekha kukachifuna, Ambuye ndiwo anachichotsa patsogolo panga.

Ndinakasuma ku khoti, anatipatsa tsiku la patali, ndipo kalata yoitana bana Mwape inatumizidwa. Temu inatha, tinatuluka m'nyumba ya sukulu. Tinakakhala kwa amai anga, m'kanyumba ka udzu kamene kale anali kusungilamo mpendadzuwa. Katundu wina anakhala panja pansi pa tenti. Taonga anali atakhoza mayeso a giledi seveni n'kusankhidwa ku sukulu yogonela komweko, koma anzake anapita iye n'kutsala, chifukwa ndinalibe chomugulila matilesi, yunifomu ndi zina zofunika. Sanadandaule pamaso panga. Anali kungotenga makope ake akale n'kukakhala kuseli kwa nyumba.

Nkhani siibisika pamudzi. Kuchitsime ndinayamba kumva kuti amake Taonga sanali mkazi wa aphunzitsi, anali chabe wowasungila nyumba, mwini wake ali ku Kasama. Anthu omwewo anavina pa ukwati wanga. Mau amenewa anandipweteka kuposa njala. Ndinaleka kupita ku tchalitchi. Ndinalekanso kupita ku manda a amuna anga, chifukwa ndinali nditawakwiyila kwambili. Ndinali kunena mumtima kuti munthu amene ndinamutawasa ndi manja anga analephela kukwela njinga tsiku limodzi kukalemba dzina langa.

Tchimo langa lachiwili ndi ili. Kupemphela sindinaleke, koma mapemphelo anga anali oipa. Ndinali kupempha kuti kalata ija isokonekele panjila. Ndinali kupempha kuti mkazi uja adwale, kapena asowe ndalama ya basi, kuti tsiku la mlandu ndikaime ndekha ndi mboni zanga. Ndinali kugwada ndithu, n'kutseka maso, n'kupemphela choipa pa munthu amene sanandilakwilepo. Ndinachita zimenezi masabata ambili ndipo sindinapeze mtendele. Ndinaonda mpaka amai anga anayamba kuopa kuti nanenso ndadwala.

Kutatsala masiku ochepa kuti mlandu uchitike, m'mawa wina ndili kudimba ndikuthilila lepu, mphamvu zinangondithela. Ndinakhala pansi pa mzele, ndowa ili pambali. Sindinagwade. Ndinangoti, Ambuye ndatopa, mau amene ndakhala ndikukuuzani aja muwaiwale. Mkaziyo akafuna kubwela abwele. Ndalama mukafuna zipite kwa iye zipite. Chimodzi chokha ndikupempha, ana anga asatchedwe ana a patchile, chifukwa atate ao anawakonda. Sindinamve liu lililonse, sindinaone chizindikilo. Ndinanyamuka n'kumaliza kuthilila. Koma tsiku limenelo ndinadya, ndipo Sabata ndinabwelela ku tchalitchi n'kukhala pa benchi lakumbuyo.

Mlandu unali Lachinayi. Lachitatu masana ndili kudimba komweko, ndinaona amai anga akubwela ndi mlendo. Anali mai wamtali, woonda, wa imvi zoyamba kumene, atanyamula kachikwama kakuda ndi ambulela. Amai anga sananene dzina lake koma ndinadziwa. Manja anga anali matope okhaokha. Tinapatsana moni wouma. Chinyanja chao chinali chosakanikilana ndi Chibemba, chofanana ndi cha aChileshe masiku oyamba, ndipo zimenezo zinandibaya mumtima.

"Mukwai, ndionetseni pamene agona," anatelo bana Mwape, akundiitana ndi liu laulemu la Chibemba.

Ndinawatsogolela ndili ndi manyazi, chifukwa ndinadziwa chimene tikapeze. Manda anali atamela udzu wofika m'maondo, mtanda utapendekeka. Ndinayembekezela kuti andinyoza, kuti mawa akanena ku khoti kuti onani mkazi wake amene sasamala ngakhale manda. Iwo anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenaka anaika chikwama pansi, anamanga chitenje m'chiuno n'kundipempha khasu limene ndinali nalo m'manja. Anayamba kulambula, ine ndikuzula ndi manja. Anali kulima akuyankhula ndi malemu mwa Chibemba, mau ena owakalipila, ena olila. Sindinamve zonse.

Titamaliza tinakhala pansi pa mthunzi. Anandifunsa kuti matenda anayenda bwanji. Ndinawauza zonse, za ngolo, za chilonda, za masiku amene aChileshe sanali kundizindikila, ndi za tsiku lomaliza pamene anapempha madzi n'kulephela kumeza. Anandifunsa amene anawatseka maso, ndinati ndine. Anagwedeza mutu. Za mlandu sanatchule, inenso sindinafunse. Kunyumba anaona ana. Anamuyang'anitsitsa kwambili Mutale n'kunena kuti makutu ndi a atate ake. Amai anga anawayalila mphasa, anagona kwathu. M'mawa tinakwela motoka imodzi kupita ku Petauke, aDaka ndi amai anga ali kutsogolo, ife awili kumbuyo mapewa akugundana pa mabampu, osayankhulana. Njila yonse sindinadziwe ngati ndakhala pambali pa mdani kapena ai.

M'khoti munali anthu ambili odikila milandu yao. Ndinayankhula ine poyamba. Amai anga anafotokoza za chimalo ndi amene analandila. ADaka ananena kuti zaka zonse zimene akhala pasukulupo amadziwa ine ngati mkazi wa aChileshe. Oweluza analemba, kenaka anaitana bana Mwape n'kuwafunsa ngati iwo ndi mkazi wa malemu monga fayilo ikunenela. Ine ndinawelamitsa mutu n'kugwila benchi.

Anatsegula kachikwama kaja n'kutulutsa envulopu yakale, yofiila ndi kukhalitsa, yokulungidwa m'pepala la shuga. Anaipeleka kwa womasulila. Inali kalata ya aChileshe, yolembedwa mwa Chibemba zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Womasulila anawelenga mokweza. Amuna anga analemba kuti popeza akuluakulu anathetsa ukwati wao chaka chathachi, safuna kuti bana Mwape amve kwa anthu ena, akuwadziwitsa okha kuti akwatila mkazi wa ku Nyampande dzina lake Esnati Banda, ndipo apeleka zonse zofunika kwa makolo ake. Analonjezanso kuti Mwape sadzamutaya. Pansi panali siginecha yao, yomweyo ya mu fayilo.

Pa dziko lonse lapansi pepala lokhalo lonena kuti ine ndinakwatiwa linali limenelo, ndipo ine sindinadziwe n'komwe kuti lilipo. Linali m'manja mwa munthu amene akanapindula akanalitentha.

Oweluza anavula magalasi. "Amai, mukudziwa kuti ndi kalata iyi inu simudzalandila gawo la mkazi? Mwana wanu adzalandila la mwana, koma inu ai."

"Ndikudziwa, mukwai."

"Pali amene wakukakamizani?"

"Palibe. Ine ukwati wanga unatha kale. Mkazi wao ndi uyu, bana Taonga. Zaka ziwili mwana wanga ali ku koleji, ndalama ikalowa pafoni dzina limene linali kutuluka silinali la atate ake. Linali la mai uyu. Mwana wanga lelo ali pa nchito."

Anakhala pansi. Ine ndinalila m'khoti muja osatha kudzigwila, mpaka amai anga ananditulutsa panja. Sindinali kulila ndalama. Ndinali kulila chifukwa mai amene ndinamupemphelela matenda ananditchula bana Taonga pamaso pa anthu, ndi chifukwa ndalama zija ndinali kuzitumiza ndi mtima woipa, koma Mulungu sanayang'ane kung'ung'udza kwanga.

Masana ndinawapelekeza kokwelela mabasi a ku Lusaka, poti kwao amadzela kumeneko. Tikudikila, anandiuza zimene sananene m'khoti. Anati kalata yoitana itafika anakondwa. Amagulitsa nsomba zouma pa msika, nyumba yao ndi ya lendi, ndipo achibale anawauza kuti uwu ndi mwai, akangokana basi, fayilo ili kale kumbali yao. Ananyamuka atakonzeka kukana. Kalata yakale ija anaitenga kuti akaitaye kutali ndi kwao. Basi itaima pa Kacholola kuti anthu agule zakudya, anatsika nayo m'manja n'kupita kuseli kuti akaiponye m'chimbudzi. Anaima pamenepo mpaka dalaivala anayamba kuliza hutala. Anati dzina langa la pafoni lija linali kungobwela m'maso mwao, dzanja linakana. Anakwelanso basi kalata ili m'chikwama, ndipo ngakhale pofika ku Nyampande anali asanatsimikize chochita. Anatsimikiza pa manda paja, atamva amene anawatseka maso.

Pamenepo nanenso ndinaulula. Ndinawauza kuti ndinali kupemphela kuti adwale asabwele. Anandiyang'ana, ndinaganiza kuti akwiya. Anangoseka pang'ono n'kunena kuti naonso zaka zoyamba zija anandipemphelela zambili zimene sangazibweleze pakamwa. Kenaka ananena mau amene sanali okoma koma anali oona. Anati ndisaganize kuti kalata ija anaisunga chifukwa cha ine. Anaisunga chifukwa inawapweteka, ndipo chaka chilichonse anali kuiwelenga kuti akumbukile kusadalila munthu. Basi inabwela, anakwela, sanacheuke.

Musaganize kuti mailo lake ndalama zinalowa. Khoti linandipatsa pepala lake, ndinabwelela kwa aZulu, tinadzaza mafomu atsopano. Fayilo inapita ku Chipata, inabwelela chifukwa pa kadi ya Chisomo dzina la atate ake linalembedwa molakwika chilembo chimodzi. Ndinakalumbila kuti ndi munthu mmodzi yemweyo, inapitanso. Kenaka inafunika siginecha ya Mwape, tinadikila mwezi wathunthu. Maulendo a ku boma sindingawawelenge. Masiku ena ndinali kufika n'kuuzidwa kuti ndibwele sabata yamawa. Koma kudikila kumeneku kunali kosiyana ndi koyamba kuja, chifukwa ndinali kuyenda ndi dzina langa. AZulu akandiona pakhomo anali kunena kuti amai Chileshe lowani. Amai a chigwilizano ku tchalitchi atamva zonse anasonkha zimene akanatha, ndipo Taonga anapita ku sukulu temu yotsatila, mochedwa koma anapita.

Zinatheka titakolola kachiwili chichokele aChileshe. Ana onse anayi analandila magawo ao, Mwape pamodzi ndi anga atatu, inenso langa. Ndinamanga nyumba ya zipinda ziwili ya malata pafupi ndi amai anga. Taonga ali pa sukulu ndipo akuti akufuna kudzakhala namwino. Zimene ndinachita pakati pa ine ndi bana Mwape sindizilemba pano, ndi zathu awili ndi Mulungu. Sitinakhale mabwenzi oimbilana foni tsiku ndi tsiku. Koma ndikakolola nshawa thumba limodzi limakwela basi, ndipo nthawi ya mvula kumabwela kakatoni ka nsomba ndi bowa wouma. Mwape anabwela yekha kudzaona manda a atate ake, anakhala masiku atatu, n'kutikokela mawaya a sola m'nyumba yatsopano. Ang'ono ake amamuimbila akasowa nzelu pa masamu.

Amuna anga ndinawakhululukila, ngakhale zinatenga nthawi. Koma abambo amene muli pa nchito, aphunzitsi, a zaumoyo, a m'maofesi, ndikupemphani ngati mlongo wanu. Pitani mukaone zimene munalemba chaka chimene munayamba nchito. Ngati munakwatila pambuyo pake, ngati kunabadwa ana, kalembetseni mukali ndi mphamvu. Ndi ulendo wa tsiku limodzi. Inunso amai anzanga, musachite manyazi kufunsa, ndipo musalandile yankho loti ndidzakonza. Pitani nao limodzi mukaone dzina lanu ndi maso anu. Kufunsa zotele si kuitana imfa.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe monga ndinali kupemphela, chifukwa akanandimvela bwenzi lelo ndikali kuyenda m'makhoti. Ndikuthokoza aDaka amene anasiya nchito yao kudzandiimila, aZulu amene anandifotokozela zoona pamene akanangondibweza, amai anga, ndi amai a chigwilizano. Ndikuthokoza bana Mwape, ndipo ndikupempha kuti amene mumapemphela muziwatchula, chifukwa anabwelela ku Kasama opanda kanthu m'manja mwa kufuna kwao.

Kwa iwe amene uli pakati pa nkhani ngati iyi, amene fayilo yako yaima, amene wauzidwa kuti dzina lako palibe, amene watopa ndi mabenchi a m'maofesi, usataye mtima ndipo usagule njila yachidule. Sunga kapepala kalikonse, funsa mpaka umvetse, pita tsiku limene akuuza. Ukalephela kupemphela bwino, uza Ambuye kuti watopa, amamva zimenezonso. Thandizo lako mwina lili kale panjila, m'manja mwa munthu amene sukumuganizila.

Masiku ano amai amasiye a kwathu akafuna kupita ku boma amayamba adzela pakhomo panga, ndimawaonela mapepala n'kuwapelekeza, popeza makomo ake ndinawadziwa. Lachiwili likudzali ndikupita ndi mai wina wa ku Nyimba amene amuna ake anafela pa nchito ya mseu. Ali ndi ana asanu, sadziwa kuwelenga, ndipo akuopa kwambili kulowa mu ofesi. Ndamuuza kuti ndidzakhala pambali pake mpaka atuluke. Mukagwada m'mawa wa tsikulo, mumukumbukile. Ambuye akusungeni nonse. Amen.